Mbalame yodyera kumapazi a linthumbu

Amene anakulira kudera la mvula yambiri amaudziwa usiku umene linthumbu lalowa m'nyumba. Zimayambira kukhola: nkhuku zikuphupha pakati pa usiku, tambala asanaganize n'komwe zolira. Kenako khanda lalira mosatonthozeka, mphemvu zili balala kutuluka m'ming'alu ya khoma ngati zamva utsi, ndipo pomwe mukuti muyatse nyali n'kuti mutaponda kale pamzere. Pamenepo ulemu umatha. Bambo wa ndevu zake amavulira pabwalo ana akuona. Mayi athamangira phulusa lamoto, wina palafini, wina wayatsa udzu, banja lonse n'kuchezera panja kudikira kuti alendowo adutse. Kukacha mumapeza m'nyumba muli mbee, mopanda mphemvu ngakhale imodzi.

Mphemvu zothawa zija musaziiwale. M'nkhalango zobiriwira chaka chonse za m'mapiri a kummwera kwa Malawi ndi kumpoto kwa Mozambique muli mbalame imene inatulukira kuti pamene pali chipwirikiti chotere pali chakudya. Ife tikangomva kuti linthumbu timakweza miyendo; iyo imachita kulifunafuna, ikalipeza n'kumayenda nalo, kutola tizilombo timene tavumbulutsidwa m'masamba. M'mabuku imatchedwa Thyolo alethe, ndipo padziko lonse lapansi simungaipeze kwina koma m'mapiri owerengeka amenewa.

Dzina lake la sayansi ndi Chamaetylas choloensis. M'mawu achiwiriwo mwabisala Thyolo yemweyu, monga ankamulembera atsamunda, Cholo. Amene anailemba koyamba m'mabuku a sayansi ndi William Lutley Sclater, katswiri wa mbalame wa ku Britain, mu 1927, ndipo mbalame imene anaigwiritsa ntchito inachokera pa phiri la Thyolo.

Kukula kwake n'kwa pumbwa, pafupifupi masentimita 18 kuchokera kumlomo kufika kumchira, koma ndi yojintcha pachifuwa ndi yayitali miyendo. Kumsana ndi yofiirira ngati dothi la katondo, kumaso ndi m'mbali mwa khosi ndi yotuwa, pakhosi penipeni n'poyera, kumimba n'kotuwa moyererako. Nthenga za m'mphepete mwa mchira zili ndi nsonga zoyera zimene zimaoneka ikatambasula mchira pouluka. Miyendo ndi yofiira motumbuluka. Yaimuna ndi yaikazi n'zofanana. Mukailongosola chonchi imamveka ngati mbalame yosavuta kuiona, koma pansi pa nkhalango yowirira ndi pamdima ngakhale masana, ndipo mtundu wa katondowo umasowera m'masamba ouma. Ambiri amene anaionapo anayamba aimva.

Kuimba kwake si kwa chionetsero. Ndi likhweru lofewa, la mawu owerengeka, lotsika kumapeto, longa la munthu amene akuitana mnzake mosafuna kuti ena amve. Mbalame zambiri za pansi pa nkhalango zimaimba motero, ndipo pali chifukwa: mawu othamanga, ophatikizaphatikiza, amagunda mitengo ndi masamba n'kusokonekera asanapite patali, pamene likhweru limodzi loyera limadutsa. Mbalame siziimbira pakholingo ngati ife. Chiwalo chake cha mawu chili pansi, pamene njira ya mpweya imagawikana kupita kumapapo awiri, ndipo mbalame zoimba zili ndi timinofu tambiri pamenepo tosinthira mawu. Alethe ndi ya banja limodzi ndi mbalame ija imatidzutsa mbandakucha m'mipanda ya maluwa m'tauni, yofiira pamimba, ya mzere woyera pamwamba pa diso. Koma ija ndi woimba wa pa siteji. Iyi ndi ya m'kachisi.

Kuti timvetse mbalameyi tiyenera kuyamba talimvetsa linthumbu, chifukwa ambirife timangolidziwa pa kuluma.

Linthumbu ndi nyerere za mtundu wa Dorylus. Mudzi umodzi umakhala ndi nyerere mamiliyoni, zonse ana a mfumukazi imodzi. Mfumukaziyo ndi yaikulu kuposa nyerere ina iliyonse padziko, imatha kufika masentimita 5, ilibe mapiko, ndipo ntchito yake n'kuikira mazira basi. Zantchito zonse, kuyambira ting'onoting'ono mpaka asilikali a mitu ikuluikulu aja amene salekerera akaluma, n'zakhungu. Zilibe maso ndi pang'ono pomwe. Zimayenda potsata fungo limene zinzawo zasiya pansi. Zazimuna ndi zina ndithu: ndi tizilombo tofiirira tija tonenepa, ta mapiko, timene timabwera pa nyali usiku n'kumadzigunda m'khoma, kugwa pansi n'kumapinda thako ngati tikufuna kuluma pomwe tilibe mbola. Ana ambiri amasewera nato osadziwa kuti ndiwo atate a linthumbu.

Mudzi wa linthumbu umakhala pansi, kawirikawiri m'mizu ya mtengo waukulu kapena pansi pa chipika chowola. Pakamwa mamiliyoni sipadyetsedwa ndi kutolatola, choncho pafupifupi tsiku lililonse gulu limatuluka kukasaka. Pochoka pamudzi limayenda mumzere wopapatiza, asilikali atandanda m'mbali mitu ili m'mwamba. Umenewu ndi mzere uja timaudumpha panjira, ndipo mbalame ilibe nawo ntchito kwenikweni. Nkhani ili kutsogolo, kumene mzerewo umagawikana kukhala timizere, timizere n'kugawikananso, mpaka kukhala chinsalu chakuda chotambalala mamita angapo, chikukwawa pang'onopang'ono pamwamba pa masamba.

Mukaima chete pafupi, choyamba ndi phokoso: kuwayawaya konga mvula yowaza pa masamba ouma, pamene kumwamba kulibe mtambo. Si mapazi a nyerere okha. Ndi zonse zimene zikuthawa. Masamba akugwa aja, amene poyenda timawaona ngati zinyalala, ndi mudzi wodzaza. Muli mphemvu za m'tchire, akangaude, tiziwala, nkhululu zing'onozing'ono, tizikumbu, mbozi, anankalizi, nyongolotsi, ngakhale tiachule tosafika pa chala. Tsiku wamba zonsezi zimabisala, ndipo mbalame imayenera kutembenuza tsamba limodzilimodzi kuti ipeze kamodzi. Linthumbu likafika zonse zimatuluka nthawi imodzi. Cha miyendo chithamanga, cha mapiko chiuluka, kangaude akwera kamtengo n'kudzilendewetsa pa ulusi wake, nyongolotsi itumphuka m'dothi n'kumadzipotokola poyera.

Alethe imatera pa kanthambi kapena pa muzu wotumphuka, pang'ono pamwamba pa nthaka, kutsogolo kapena m'mbali mwa chinsalucho. Imakhala duu, mutu utapendekeka. Mphemvu ikangotulukira poyera, iyo yatsika, yatola, yabwerera pa kanthambi, zonsezi musanaphethire kawiri. Pansi sichedwapo, chifukwa nayonso ikachedwa ilumidwa. Nthawi zina mumaiona ikukutumula mwendo kapena kujompha pa chala kuchotsa msilikali amene wakanirira. Gulu likasuntha nayo isuntha, kanthambi ndi kanthambi. Miyendo yaitali ija ndi maso aakulu akuda aja n'zopangidwira ntchito imeneyi. Chimene ikufuna si nyererezo, koma zimene nyerere zadzutsa.

Kale anthu ena ankaganiza kuti pali kuthandizana, kuti mwina mbalame zimabweza tizilombo tothawa n'kutigwetsera m'kamwa mwa nyerere. Ku Panama, kumene kuli nyerere zina zosaka m'magulu chimodzimodzi ndi mbalame zake zozitsata, akatswiri anayesa: ankathamangitsa mbalame pa magulu ena, pa ena n'kuzisiya, kenako n'kuwerenga zimene nyerere zagwira. Zotsatira zake, zimene zinasindikizidwa mu 2005, zinaonetsa kuti mbalame zikakhalapo nyerere zimagwira zochepa. Ndiye tisaikometsere: alethe ndi mlendo wodya osalima. Linthumbu silipindula kanthu, kungoti lilibe maso oti n'kumuona wakubayo.

Pa phwando lotere sipalephera anzake. Pamabwera apumbwa a m'nkhalango, pamabwera kambalame kachikasu pamimba ka kadontho koyera pakhosi kamene m'mabuku amati white-starred robin, pamabwera ndi zina zokulirapo zoyenda pansi. Zambiri mwa izi zimangopezerapo mwayi. Linthumbu likadutsa m'dera lawo zidya, likapita zibwerera ku ntchito yawo yakale. Alethe ndiyo mwini malo. Imatenga pabwino, kutsogolo kumene tizilombo tikutuluka tambiri, ndipo tocheperapo imatithamangitsira kumbuyo kokatola zotsala. Alethe zingapo zikakumana pa gulu limodzi zimathamangitsananso zokhazokha, mchira utatambasulidwa, nsonga zoyera zija zili poyera.

Tsiku limene linthumbu silinatuluke imadya ndithu, kutola apa ndi apo m'masamba monga zinzake. Koma kulera ana ndi nkhani ina. Françoise Dowsett-Lemaire ndi mwamuna wake Robert Dowsett, amene anakhala pa Nyika kuyambira 1979 mpaka 1982 akufufuza mbalame za m'nkhalango, kenako n'kuyendera nkhalango za m'mapiri a dziko lonse la Malawi, anaona kuti mbalame za mtundu umenewu zimaswana pamene pali mudzi wa linthumbu pafupi. Nkhalango ikhoza kukhala yokongola, mitengo italiitali, koma ngati mulibe linthumbu, alethe simangamo banja. Kuchuluka kwa mbalamezi m'nkhalango kumatsata kuchuluka kwa midzi ya nyerere.

Zimaswa nyengo ya mvula ikamayandikira ndi m'kati mwake, pamene masamba apansi anyowa, tizilombo tachuluka ndipo linthumbu likusaka mwamphamvu. Anapiye akatuluka m'chisa safanana ndi makolo: amakhala akuda, a mathothomathotho achikasu mofiirira, ngati kuwala kwa dzuwa kodutsa m'masamba. Monga mbalame zambiri za m'nkhalango za kuno kotentha, siziikira mazira ambiri. Timba wa ku Ulaya amatha kuikira mazira 10 pa chisa chimodzi, chifukwa ambiri mwa anawo adzafa ndi chisanu chaka chisanathe. Za kuno zimaikira awiri kapena atatu, zisa zambiri zimadyedwa ndi njoka, anchima ndi makoswe, koma yaikulu ikapulumuka imakhala zaka zambiri, kawirikawiri pa kadera komweko. Moyo wotere umayenda bwino nkhalango ikakhala chikhalire. Vuto lake n'lakuti chiwerengero chikatsika sichikwera msanga.

Nanga n'chifukwa chiyani ili m'mapiri okhaokha? Nkhalango imene tikunena pano si ya miombo, imene imayoyola masamba m'chilimwe n'kupsa ndi moto chaka ndi chaka. Ndi ya mitengo yosayoyola, ya denga lotsekeka, ya ndere m'makungwa ndi zingwe zolendewera, imene pansi pake pamakhala chinyezi ngakhale mu Okutobala. Kuno nkhalango yotere imamera pokhapokha pamene phiri laimitsa mphepo yonyowa yochokera ku nyanja ya mchere ya India. Anthu a ku Thyolo, Mulanje ndi Blantyre amaidziwa bwino mphepo imeneyi: ndi chiperoni, nkhungu ndi mvula yowaza ya mu Juni ndi Julaye imene imaletsa zovala kuuma. Dzinalo linachokera ku phiri la Chiperone, kutsidya kwa malire ku Mozambique, kumene mitamboyo imaonekera ikamabwera. Chiperoni chimene timachidandaula ndicho chimamwetsa nkhalango miyezi imene kwina konse kuli gwa, ndipo pa phiri la Chiperone lenilenilo alethe iliponso.

Choncho phiri lililonse lili ngati chilumba, ndipo miombo, minda ndi madambo apakati ndiwo nyanja. Alethe ndi mbalame ya mumthunzi, yosazolowera kuuluka mtunda wautali poyera. M'mbiri ya dziko nyengo yakhala ikusinthasintha. Pa nthawi za chinyezi nkhalango zinkatambalala n'kuyandikirana, pa nthawi zouma, monga zaka pafupifupi 20,000 zapitazo pamene kumpoto kwa dziko kunakutidwa ndi madzi oundana, zinkabwerera kumapiri. Mbalame zotsekeredwa pa mapiri osiyana zinayamba kusiyana. Ndiye chifukwa chake kumpoto kwa Malawi, ku Misuku, pa Nyika ndi pa Viphya, kuli mbale wake, white-chested alethe, woyera chifuwa chonse ndi wopanda nsonga zoyera kumchira, pamene ya ku Thyolo ili kummawa kwa mtsinje wa Shire: pa phiri la Mangochi, Chikala, Zomba, Chiradzulu, mapiri ozungulira Blantyre, Thyolo ndi Mulanje, ndi kutsidya pa Chiperone, Namuli ndi Mabu. Mtundu wa Chamaetylas uli ndi mbalame zinayi zokha. Kale zinkaikidwa pamodzi ndi alethe zina za kumadzulo ndi pakati pa Africa, mpaka kuyeza kwa DNA kunaonetsa kuti si abale apafupi; zinafanana chifukwa chogwira ntchito imodzi, yotsata linthumbu.

Pali chinanso chimene chimaiwalika. Zambiri zimaswana pamwamba, kuyambira cha pa mamita 1,200, koma nyengo yozizira zina zimatsika. Pa Mulanje zimafika m'nkhalango za m'munsi mwa phiri, m'zigwa za mitsinje ngati Ruo, kumene kumakhala kofundirako ndipo tizilombo sitisowa. Ndiye kuti mbalameyi imafuna nyumba ziwiri, ya pamwamba ndi ya pansi, ndi njira ya mthunzi yozilumikiza. Koma nkhalango ya m'munsi ndiyo ili pafupi ndi khasu.

Pa mbiri ya kufufuza mbalamezi, mayina amene amatchulidwa ndi a azungu: Sclater, Jack Vincent amene anaipeza pa Namuli mu 1932, ndi C. W. Benson amene anali bwanamkubwa m'maboma angapo a Nyasaland n'kumalemba za mbalame. Dzina limene liyenera kumveka kwambiri kuno ndi la Jali Makawa, Mlomwe amene anagwira ntchito ndi Benson zaka zambiri. Makawa ankazindikira mbalame ndi khutu, ankatha kuziitana poyerekeza kulira kwake, ndipo maulendo ena ovuta ankapita yekha, Benson atatsala ku ofesi. Ndiye anakwera Chiperone mu 1950 n'kubwerako ndi mbalame za m'nkhalango ya kumeneko. Ku Zambia mu 1964 anagwira kambalame kamene sikanaonekenso kuyambira pamenepo, ndipo kanapatsidwa dzina lake, Pogoniulus makawai. Ana athu amaphunzira za Livingstone. Za Makawa ndi angati anamvapo?

M'zaka za m'ma 1980, pamene a Dowsett ankayendera nkhalangozi, anayerekeza kuti m'Malawi munali mabanja a alethe pafupifupi 1,500: cha m'ma 1,000 pa Mulanje, cha m'ma 200 pa phiri la Thyolo, otsalawo omwazikana m'mapiri ang'onoang'ono. Chiwerengero chimenecho lero n'chongokumbukira. Chisongeli, nkhalango yaikulu ya kummwera chakummawa kwa Mulanje, inadyedwa ndi minda kuchokera pansi kukwera m'mwamba. Ndirande anametedwa mpala m'zaka za m'ma 1990. Phiri la Thyolo, limene linali nkhalango yotetezedwa ndi boma kuyambira m'zaka za m'ma 1920, linalimidwa pafupifupi lonse pofika kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000. Amene amadutsa pamsewu wochokera ku Limbe lero amaona chimanga ndi nthochi mpaka pamwamba. Soche anatsala ndi kachipewa kokha, ndipo anthu a ku Chilobwe sadzaiwala Malichi wa 2023, pamene namondwe Freddy anagumula phirilo, matope ndi miyala n'kutsikira m'nyumba za anthu. Mbalameyi ili pa mndandanda wa IUCN, bungwe la padziko lonse loteteza zachilengedwe, wa zamoyo zimene zili pachiopsezo cha kutha.

N'kosavuta kukhala m'tauni, mbaula ya makala ili pakhonde, n'kumanena kuti anthu a kumudzi ndi owononga. Thyolo ndi limodzi mwa maboma othithikana kwambiri m'dziko muno. Kalembera wa 2018 anapeza anthu oposa 700,000. Gawo lalikulu la nthaka yabwino lili m'maesiteti a tiyi, makadamiya ndi bulugama, ndipo nkhani ya malo kumeneko inayamba kale, m'masiku a thangata. Munthu wa ana asanu ndi kamunda kosakwana theka la ekala akayang'ana phiri saona alethe. Amaona nthaka yakuda yosafuna feteleza. Zaka zoyamba amakololadi, kenako mvula imakokolola nthakayo, akasupe a m'munsi amayamba kuphwa, ndipo iye akwera pamwamba pena. Amene anayamba kugwetsa nkhalango za m'munsi pa Thyolo ndi Mulanje si iyeyo. Ndi amene anabzala tiyi zaka zoposa 100 zapitazo. Iye anangomaliza.

Wina anganene kuti mitengo ikubzalidwa, nanga vuto n'chiyani? Lowani m'munda wa bulugama kapena wa paini, monga umene wadzaza pamwamba pa Zomba, mufukule pansi. Mupeza masamba ouma osawola msanga, dothi louma, tizilombo towerengeka. Imeneyo ndi mbewu ngati chimanga, yothandiza pa matabwa ndi nkhuni, ndipo ikhoza kupulumutsa nkhalango yachilengedwe ngati anthu atenga mitengo m'menemo m'malo mwa m'phiri. Koma si nyumba ya alethe. Pa Zomba mbalameyi imapezeka m'timizere ta nkhalango yakale timene tinatsala m'mphepete mwa mitsinje ndi m'zigwembe.

Winanso anganene, ndipo ali ndi mfundo, kuti linthumbu lili ponseponse, mpaka m'makola mwathu. Bwanji mbalameyo osangolitsata kumudzi? Yankho lili pa dzuwa. Nyererezi zimauma msanga. Poyera zimasaka usiku, kapena kukachita mitambo, kapena zimamanga timipanda ta dothi pamwamba pa njira yawo n'kumayenda mobisika. N'chifukwa chake m'nyumba zimatipeza tili m'tulo. Ndi mumthunzi wa nkhalango mokha mmene zimasaka poyera masana, tsiku ndi tsiku, pa masamba odzaza tizilombo, pamene mbalame yoona ndi maso ingadyepo. Alethe imafuna zitatu pamodzi: denga la mitengo, masamba onyowa pansi, ndi nyerere. Mukadula mitengo ikuluikulu yokha ya matabwa, dzuwa limalowa, pansi pamauma, moto wa osaka mbewa umapeza polowera, ndipo zinthu zimasokonekera nkhalangoyo ikuonekabe yobiriwira kwa munthu wodutsa pamsewu.

Kachulukidwe ka linthumbu nakonso kali ndi chovuta chake. Chiswe chimatulutsa ngumbi zikwizikwi zouluka, iliyonse n'kukayesa mwayi kutali. Linthumbu silitero. Popeza mfumukazi ilibe mapiko, mudzi watsopano umabadwa pamene wakale wakula n'kugawikana pawiri, gawo lililonse ndi mfumukazi yake, lina n'kuchoka wapansi. Kumene miyendo siingafike, linthumbu silifika. Ku nkhalango ya Kakamega ku Kenya, ofufuza anapeza kuti m'tizidutswa tating'ono ta nkhalango mtundu wa linthumbu wokonda mthunzi umachepa, ndipo mbalame zodalira kwambiri nyererezo n'zimene zimayamba kusowa, pamene zongopezerapo mwayi zimatsala. Ku Panama, pa chilumba cha Barro Colorado chimene chinapangika madzi atasefukira pomanga ngalande ya sitima, imodzi mwa mbalame zotsata nyerere kwambiri inatheratu m'zaka za m'ma 1970, nkhalango ili chiimire, popanda wodulamo mtengo.

Chodabwitsa n'chakuti alethe ya ku Thyolo yapirira kuposa mmene munthu angayembekezere. M'maesiteti ena a tiyi m'munsi mwa phiri, monga Satemwa, eni ake anasiya tizidutswa ta nkhalango m'zigwa ndi m'mphepete mwa mitsinje, ndipo mmenemo mbalameyi ikupezekabe, pamodzi ndi zinzake zosowa. Zili ngati nthabwala yowawa: nkhalango ya boma inatha, yotsala ili kuseri kwa alonda a esiteti, malo omwewo amene anthu amawadandaula. Koma kadutswa ka nkhalango kokhala ndi mabanja awiri kapena atatu si tsogolo. Ana akakula alibe kopita, ndipo chaka chimodzi cha chilala kapena moto umodzi ukhoza kutseka nkhani.

Uthenga wabwino unachokera kutsidya. Mu 2005 Julian Bayliss, wasayansi amene ankagwira ntchito pa Mulanje, ankayang'ana zithunzi za Google Earth, zojambulidwa kuchokera mumlengalenga, kufunafuna mapiri a ku Mozambique ofanana ndi Mulanje, ndipo anaona chibanga chobiriwira pa phiri la Mabu m'chigawo cha Zambézia. Atapitako anapeza nkhalango yowirira ya mahekitala oposa 7,000, yaikulu kuposa ina iliyonse ya mtundu wake kummwera kwa Africa. Manyuzipepala a ku Ulaya analemba kuti yatulukiridwa nkhalango yosadziwika, zimene zikanawaseketsa anthu a m'midzi yozungulira, amene akhala akusakamo kuyambira kale ndipo ena anabisalamo pa nkhondo yapachiweniweni imene inatha mu 1992. Nkhondoyo, pothamangitsa anthu ndi kutseka misewu, ndi imodzi mwa zimene zinaisunga. Mu 2008 gulu lotsogozedwa ndi akatswiri a zomera a ku Kew Gardens ku London linakhalako masabata angapo, a Dowsett ali m'gululo, ndipo anapeza alethe ili yambiri m'chigawo cha pamwamba cha nkhalangoyo. Lero Mabu ndi limodzi mwa malo odalirika kwambiri a mbalame yotchedwa dzina la Thyolo.

Namuli, phiri la mamita 2,419 pafupi ndi Gurué, silinachite mwayi wotere. Kumeneko nkhalango ya pamwamba ikugwetsedwa kuti alimepo mbatatesi, imene imachita bwino m'nthaka yozizira ndipo ili ndi msika. Mu 2024 Bayliss ndi anzake ambiri anasindikiza kafukufuku wonena kuti mapiri pafupifupi 30 a kummwera kwa Malawi ndi kumpoto kwa Mozambique ndi dera limodzi la chilengedwe lapaderadera, lokhala ndi zomera, abuluzi, anamzikambe, agulugufe ndi nkhanu zosapezeka kwina kulikonse, ndipo anawerengera kuti kuyambira chaka cha 2000 derali lataya 18 peresenti ya nkhalango zake zakale. Mbalame sidziwa za malire a pa Muloza, koma malamulo, ndalama ndi alonda a nkhalango amathera pomwepo.

Wofuna kuiona ndi maso ake apite ku chigwa cha Ruo pa Mulanje, kapena m'timitsinje ta pa Zomba, kapena m'nkhalango zotsala za m'maesiteti a ku Thyolo atapempha chilolezo, ndipo atenge munthu wodziwa njira. Alawire, mame asanaume. Asayang'ane m'mwamba ngati wofuna nkulukulu. Ayang'ane pansi, afunefune mzere wakuda wodutsa njira, aone kumene nyerere zonyamula katundu zikulowera, iye alowere kwinako, chifukwa zonyamulazo zikubwerera kumudzi ndipo kosaka ndi kumene zikuchokera. Thalauza alilowetse m'sokosi. Akamva kuwayawaya kuja aime, ayang'ane kaye pamene waponda, kenako akhale chete n'kumayang'ana timitengo tofika m'mawondo.